Lipoti la nthumwi zathu pa msonkhano wa malamulo a kalembera wa ovota

A wapampando ndi mamembala nonse, tabwerako kumsonkhano umene munatituma uja.

Zokambirana zinatsamira pa ndime 25 ya pangano la United Nations la 1966 lokhudza ufulu wa nzika pa ndale, komanso ndemanga imene komiti yake yoona za ufulu wa anthu inapereka mu 1996. Ndemangayo imati kumene kuli kalembera, boma lizithandiza anthu kulembetsa, osawaikira zopinga, ndipo lamulo loti munthu asonyeze kumene amakhala lisatsekereze anthu osowa pokhala.

Nkhani ya ziphaso ndiyo inadya nthawi. Lamulo likavomereza chiphaso cha mtundu umodzi wokha, ndiye kuti ofesi yopereka chiphasocho ikachedwa, anthu amatsalira popanda chimene alakwa. Ambiri amakhala achinyamata amene angokwanitsa kumene zaka zovotera, okalamba amene ziphaso zawo zinatha ntchito, ndi amayi amene dzina lawo linasintha atakwatiwa. Ife tikuona kuti ziphaso zovomerezeka zizikhala zingapo, ndipo wopanda chilichonse aziimiridwa ndi mboni yolembetsa kale. Koma paikidwe malire a anthu amene mboni imodzi ingaimire, kuopa kuti njirayi ingasanduke khomo la chinyengo.

Masiku a kalembera aziwerengedwa ndi masamu. Tiyerekeze kuti munthu mmodzi akutenga mphindi 5 kujambulidwa ndi kudinda zala. Makina amodzi alemba anthu 96 pa maola 8. Malo a anthu 2,000 afunika masiku 21, ndipo akapatsidwa masiku 14, anthu 656 atsala panja. Apatu sitinawerengere maola otayika batire ikatha. Palinso anthu ogwira ntchito zamanja amene mizere ya zala zawo inafufutika: amakanikiza chala kangapo, makina n'kukana ndithu. Lamulo linene poyera kuti woteroyo alembedwe ndi chithunzi ndi fomu ya pepala, asabwezedwe.

Pa kufufuta mayina tikupempha chidwi chanu chonse. Kuchotsa omwalira ndi olembetsa kawiri n'koyenera, koma kompyuta ikamangofananitsa dzina ndi tsiku lobadwa imachotsanso amoyo amene angofanana mayina. Lamulo la ku United States la 1993 limati ntchito yochotsa mayina mwaunyinji ithe kutatsala masiku 90 chisankho cha dziko lonse chisanachitike. Mpata wotere ndi umene umalola wofufutidwa molakwika kudandaula n'kubwezeretsedwa.

Akaidi nawonso anakumbukiridwa. Mu 1999 khoti la malamulo oyendetsera dziko ku South Africa linalamula bungwe la chisankho kukonza njira yoti akaidi alembetse ndi kuvota.

Tikupempha kuti pamsonkhano wotsatira tisankhe oyang'anira malo olembetsera. Tsiku lililonse azilemba nthawi imene atsegulira, maola amene makina anaima, ngati njinga ya olumala ikulowa pakhomo, ndi chiwerengero cha obwezedwa pamodzi ndi chifukwa chake.