Njanji ya malasha ikutiphunzitsa chiyani?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndithirirepo ndemanga pa nkhani ya migodi, poti masiku ano aliyense akuti chuma chathu chili pansi pa nthaka.

Tiyambe taona kwa anansi athu ku Tete. Kampani ya Vale ya ku Brazil idayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011. Kuti malashawo akafike kunyanja, idamanga njanji yodutsa m'dziko mwathu muno, kudzalumikiza pa Nkaya ku Balaka, n'kupitirira pa Liwonde ndi Nayuchi mpaka kudoko la Nacala, mtunda woposa makilomita 900. Njanjiyo ndi yabwino, sindikutsutsa. Koma amene adaijambula ankafuna njira yachidule ya malasha, za misika yathu sizinali m'mutu mwawo. Sitima ikamadutsa, mabogi amangondondozana, akuda bii, mpaka kutopa kuwawerenga. Mlimi wa nandolo amene munda wake wagundana ndi njanjiyo amakwezabe matumba ake pa lole, n'kulipira mtengo wa dizilo.

Eni nthaka ndiye adalira kwambiri. Mabanja mazanamazana adawasamutsira ku Cateme, kutali ndi msika komanso mtsinje, pa nthaka yosabereka. Mu Januwale 2012 adatopa nazo, n'kukatseka njanji kuti sitima ya malasha isadutse. Apolisi ndiwo adawayankha.

Ndiye taonani mapeto ake. Mayiko olemera atayamba kunyansidwa ndi malasha chifukwa cha kusintha kwa nyengo, Vale idagulitsa mgodi pamodzi ndi njanji kwa kampani ya Vulcan, ya amwenye, pa madola 270 miliyoni, n'kuchoka mu 2022. A Vale adabwera chifukwa cha msika wa kunja, adachokanso chifukwa cha msika womwewo.

Lero maso ali pa ife: miyala ya rutile ndi graphite ku Kasiya, miyala yosowa yotchedwa rare earths ku Kangankunde, uranium ku Kayelekera. Amene akutiyendera sakubwera chifukwa chotikonda ayi. America, Japan ndi mayiko a ku Ulaya akufuna kuchepetsa kudalira China pa miyala yopangira mabatire ndi maginito. Zimenezo si mlandu, ndi malonda. Koma poti iwo ndi amene ali pachangu, ife tikuthamangiranji?

Pempho langa kwa aphungu ndi lakuti mgwirizano uliwonse wa mgodi uziwerengedwa mu Nyumba ya Malamulo boma lisanasaine, ndipo mulembedwe kuti osamutsidwa aziyamba alandira malo olimika makina asanafike.

Wowerenga wanu,
Balaka