Kalata ya abusa: za abale athu ogwira ntchito kuchipatala

Okondedwa akhristu anzanga m'milaga yonse, kuyambira pa Mchinji boma pano mpaka ku Kamwendo, Tembwe ndi Mkanda, moni m'dzina la Ambuye.

Mumpingo muno tili ndi anthu a zachipatala ambiri ndithu, manesi, azamba, ma clinical officer, alangizi a zaumoyo aja timangoti ma HSA, a ku lab, okolopa mu wodi. Ntchito yawo ife timaiona ngati yapamwamba koma mukawafunsa eni ake akuuzani kuti ndi yobwerezabwereza heve. Mmawa kukweza ana pa sikelo, kulemba mu kabuku, kubaya chala kuyeza malungo, kupereka LA ndi panado, kufotokoza kamwedwe kake, wina akangotuluka wina walowa kufotokozanso zomwezo, ndiye ikafika nyengo ya mvula udzudzu utachuluka mzere sukutha mpaka dzuwa kupendeka munthu asanaike kanthu mkamwa. Ukachita zimenezi zaka ndi zaka mtima umayamba kuuma, odwala amasanduka maina a mu kaundula basi. Ife tikaona nkhope yakwinyika timathamangira kuti nesi uja ndi wamwano. Ena amwano alipodi, sindikuwaikira kumbuyo, koma ambiri ndi kutopa.

Chowawitsa kwambiri nchakuti zipatso za ntchito yawo iwowo saziona. Katemera wa malungo anayamba kuperekedwa mu 2019 ndipo Mchinji inali m'gulu la maboma oyambirira, koma mwana amene sanadwale chifukwa cha katemerayo sangapite kwa HSA yemwe anapalasa njinga m'matope kukamuuza kuti taonani sindinadwale. Kuyambira 2011 mayi woyembekezera akapezeka ndi kachilombo amayamba ma ARV pompo, ana ambiri anabadwa opanda kachilombo ndipo ena pano ali ku sekondale, koma mzamba amene anakhala pansi ndi mayi uja akulira sadziwa nkomwe kuti mwanayo anakula bwanji. Amene amabwerera kuchipatala ndi amene zavutanso, ochira amangopita osatembenuka.

Pa Luka 17 Ambuye Yesu anachiritsa akhate khumi, anabwerera mmodzi yekha, Msamariya. Chimene ndikufuna muone nchakuti Yesu anafunsa za asanu ndi anayi aja kuti ali kuti. Anawerenga, anazindikira kuti sanabwere. Ndiye nesi akamalakalaka kumva kuti odwala wake anachira si kunyada ayi, ndi umunthu.

Pempho langa ndi ili. Mukachira, kapena amene munali gadiyani wake akatuluka, tsiku lina mukapita kumsika patukirani kuchipatala, kaya ndi pa boma, ku Kapiri, ku Ludzi kapena pa health centre ya kwanuko, mukamupeze munthu uja mumuuze kuti mwana munamuika diripi usiku uja ndi uyu, akuthamanga. Mwanayo mupite naye amuone ndi maso. Koma chonde tamvetsetsanani, sindikunena za kaenvelopu. Chipatala cha boma ndi chaulere, ndipo ndalama yopereka musanathandizidwe kuti mudumphe mzere si kuthokoza, ndi ziphuphu, imapweteka mayi wosauka ali kumbuyo kwanu.

Inunso a zachipatala, munthu akabwera kudzathokoza musamangoti ndi ntchito yathu maso ali pa kabuku ka wina. Imani pang'ono, mumve, ndipo mukauzeko anzanu a pa shifiti ija kuphatikizapo amene anachapa zofunda ndi kutaya zonyansa, poti iwowo zikomo sawafika nkomwe. Tsiku limene palibe wobwera, Akolose 3:23 akukumbutseni amene mukumugwirira ntchito.

Akulu a mpingo ndi madikoni, mkhristu amene wajomba Lamulungu chifukwa anali pa naiti tisamamulembe ngati wofooka, odwala sasankha tsiku. Amayi a Chigwirizano mukamapita kukaona odwala mu wodi muzipatsanso moni ogwira ntchito ndi kupemphera nawo ngati mpata ulipo.

Lamulungu likubwerali tidzawaitana onse kutsogolo kuti tiwapempherere, amene mudzakhale pa duty tumizani maina kwa mlembi wa mpingo pofika Loweruka.

Ine mbusa wanu.