Usanalipire nyumba ya ku Machinjiri ija

Aise,

Kalata yako ndalandira pamodzi ndi zithunzi zija. Kuno tilipo, kaya iwe ndi mlamu ku Joniko. Ndaona kuti mtima wako wagwa kale pa penti watsopano ndi geti lakuda lija. Ukuti mphwako wakaiona ndipo wati ili bwino. Mphwakoyo amadziwa kusankha nsapato, za nyumba msiye. Usatumize ngakhale tambala munthu wodziwa asanaiyendere.

Sindikunena uja amatumidwa ndi banki, chifukwa iye amangowerengera mtengo wa nyumba kuti banki idziwe ngati ngongole yake ingabwerere. Upeze injiniya wa zomangamanga kapena mmisiri wakale wosadziwana ndi mwini nyumba ngakhale ejenti, ndipo womulipira ukhale iweyo. Abwere ndi makwerero, tochi, levulo (choyezera ngati khoma lawongoka) ndi sikuludiraiva, umpatse maola awiri kapena atatu, pomaliza akulembere lipoti lokhala ndi zithunzi. Ngati kungatheke apite mvula itangogwa kumene. Mu Okutobala nyumba iliyonse imaoneka yabwino.

Amayambira panja. Chichitikireni namondwe Freddy mu Marichi 2023, wogula nyumba mu Blantyre ayenera kuyamba wayang'ana kumtunda kwa poloti, aone kumene madzi amachokera ndi kumene amathera. Kenako makoma. Kamng'alu kowonda ngati tsitsi m'pulasitala sikoopsa. Wodetsa nkhawa ndi wopitirira mamilimita 5, wotsika chopingasa motsata mizere ya njerwa kuchokera pakona ya zenera, waukulu kumwamba kusiyana ndi kumunsi. Umenewo umasonyeza kuti maziko akutitimira, ndipo zitseko za mbali imeneyo zimavuta kutseka. Akande pakati pa njerwa ndi msomali. Zikanyenyeka, ndiye kuti anaumira simenti kapena anamangira matope n'kubisa ndi pulasitala. Penti wofufuma ndi mchere woyera m'munsi mwa khoma ndi chinyezi chokwera kuchokera pansi, kawirikawiri chifukwa sanayale pulasitiki wakuda uja pamwamba pa maziko. Khoma lopentedwa mwatsopano mpaka m'chiuno chokha, alifunse bwino.

Koma chimene chikundisowetsa tulo pa nyumba yako ndi chiswe. Pachithunzi chakuseri kuja pali chitsa cha mtengo pafupi ndi khoma, ndipo chiswe chimakonda malo otere. Chimadya m'kati n'kusiya khungu lopentedwa bwinobwino, ngati papaya loola m'kati. Munthu wako asangokweza maso ataima pabalaza. Alowe m'siling'i ndi tochi, abaye thabwa lililonse la denga ndi sikuludiraiva, makamaka pamene lakhala pakhoma. Ikalowa mosavuta, thabwalo latha. Ayang'ane tinjira ta dothi tokwera khoma, agogode mafulemu a zitseko ndi makabati a kukhitchini. Paini wosapakidwa mankhwala chiswe sichimusiya. Ndipo mwini nyumba akakana kutsegula siling'i, akuti kiyi wasowa kaya makwerero palibe, iwe ingodziwa kuti chilimo. Ndikukuona kale utakhala pasofa ndi alendo ako a ku Joni, utuchi ukugwera m'tiyi. Ukuseka, koma kusintha denga lonse kungakudyere ndalama zomwe wavutikira zaka zambiri m'dziko la eni.

Ali m'mwambamo aonenso ngati pali ring'i bimu (lamba wa konkire) yomanga makoma onse, ngati kuwala kukulowa m'mabowo a misomali, ndi geji ya malata. Geji 28 ndi yochindikala kuposa 32, nambala ikamakwera lata likupyapyala.

Za magetsi, atsegule bokosi la mabuleka, adinize batani loyesera la buleka yoteteza kuti magetsi asagwire munthu. Ikapanda kuthimitsa, ndi vuto. Kunenepa kwa waya wa masoketi kukhale masikweya milimita 2.5, wa mababu 1.5, wa kuka (chitofu cha magetsi) 6. Mawaya olumikizidwa ndi tepi m'siling'i ndiwo amayatsa nyumba. Za madzi n'zosavuta: atseke mipope yonse n'kuyang'ana mita. Ikamayendabe, paipi ikudontha penapake. Agujumule chimbudzi wina atatsegula chivundikiro cha panja, aone ngati madzi akudutsa msanga kupita m'thanki.

Usayembekezere lipoti lopanda cholakwa, nyumba yotero kulibe. Sadzaonanso za pansi pa maziko kapena mapaipi a m'khoma. Ntchito ya lipotilo ndi kukusiyanitsira zokonzeka ndi zosakonzeka. Matailosi olira mphako, ngalande, loko, zimenezo uchotsetse pamtengo. Maziko otitimira, bwerera.

Zoti mlongo wako wachira mwana wamwamuna wamva kale, tisathe pepala. Ankolo ako akudandaulabe za jekete unawalonjeza lija, ndipo akunditopetsa ine ngati ndine ndinalonjeza.

Mapepala a malo ndi nkhani ina, woyendera nyumba sayikhudza. Loya akafufuze ku ofesi ya za malo ngati dzina la pa chikalata ndi la wogulitsayo komanso ngati nyumbayo si chikole cha ngongole kubanki. Afunsenso za ngongole ya msonkho wa khonsolo ndi mabilu a madzi, chifukwa zotsalira zimavutitsa wolowa m'nyumba. Ndiye pali zizindikiro za malire, poti mpanda wa kumanzere uja pachithunzi ukuoneka ngati walowa kwa neba, ndipo ukapanda... pepala landithera, zinazo ndikulembera ukayankha. Chitsa chija achizule.

Ndine mnzako uja.