Kalata yotseguka kwa Bwanamkubwa wa boma la Blantyre: misewu yafumbi yodutsa njinga

Bwanamkubwa,

Tikupatsani moni mwaulemu. Amene tikulembafe ndife opalasa njinga m'misewu yafumbi ya boma lino, pamodzi ndi amakanika okonza njinga. Dandaulo lathu ndi limodzi: chomwe chikupha misewuyi ndi madzi osowa kolowera, ndipo ndalama yothirira dizilo m'giredala ikanapindula kwambiri ikanayamba yapita ku ngalande.

Boma lino lili ndi njira zosiririka. Pali zolowa m'munsi mwa phiri la Michiru kuchokera ku Chilomoni. Pali msewu wochoka ku Chileka kutsikira ku Mpatamanga, kumene Shire amapanikizika pakati pa matanthwe. Palinso tinjira topatuka mu M1 cha ku Lunzu ndi ku Lirangwe, toloza kumadzulo m'dziko la milambe. Kungochoka m'tauni kufika pa Chileka munthu watsika kale mamita oposa 200, ndipo kufika ku Shire amatsikabe. Mtsetse umenewu ndiwo umakopa opalasa njinga zamasewera, komanso ndiwo umapatsa madzi amvula liwiro lokumba zigwembe. Ndipo musaganize kuti tikunenera amasewera okha. M'njira zomwezi mumadutsa akabaza, ana asukulu, alimi opita ndi tomato ku msika wa Lunzu, ndi odwala amene awakweza pa kaliyala kupita nawo kuchipatala.

Tiyambe ndi msana wa msewu. Msewu wafumbi uyenera kukwera pakati ndi kutsika m'mbali, masentimita 5 pa mita iliyonse. Ngati ndi wotambalala mamita 6, pakati pake pazikwera masentimita 15 kuposa m'mphepete. Kuyeza kwake sikulira makina: thabwa lowongoka la mamita 2, levulo ya amisiri omanga nyumba, ndi kachidutswa ka masentimita 10 koika kunsi kwa thabwalo kumbali yotsika. Kadontho ka levulo kakakhala pakati, msana ulipo. Giredala ikangopala pamwamba n'kusiya mzere wa dothi ndi miyala m'mbali zonse ziwiri, mzerewo umatsekera madzi m'kati ndipo msewu umasanduka mtsinje. Choipiratu n'chakuti m'mbali momwemo ndi mmene njinga imathawira galimoto ikamabwera. Tayala lakutsogolo likalowa m'dothi lotakasukalo handulo imapotoka yokha, munthu n'kugwa chamutu.

Nthawi yopalira nayo ndi nkhani. Dothi louma silimatana. Msewu wopalidwa mu September umaoneka bwino masabata ochepa, kenaka umadzuka timizere topingasa tonga malata. Timizere timeneti ndi tomwe timamasula masipoko, kuthothola mabawuti a kaliyala ndi kuswa mazira m'dengu. Kupala kuzichitika mu April kapena kumayambiriro kwa May, nthaka ikadali ndi chinyezi, ndipo pambuyo pake pazidutsa chopsinja. Pothira dothi lamiyala, likhuthale masentimita 15 atalipsinja kale, mwala uliwonse usapose masentimita 4, ndipo musanganikemo dothi pang'ono lomata. Miyala yokhayokha yobulungira ya mumtsinje imagubuduka pansi pa tayala. Mwala waukulu ngati nkhonya umapana chubu pa limu n'kuboola mabowo awiri oyandikana amene chigamba chimodzi sichikwanira.

September ndi October ikhale miyezi ya ngalande. Ngalande ya m'mbali ikhale yakuya masentimita osachepera 30, pansi pake pakhale pafulati, osati posongoka, chifukwa posongoka madzi amathamanga n'kumakumba. Pa mamita 20 mpaka 50 aliwonse pazikhala kangalande kopatutsira madzi kutchire, ndipo mwini munda afunsidwe kaye kudzera kwa a mfumu, apo ayi adzakatseka ndi khasu mvula yoyamba. Pamtsetse, m'ngalande muzikhala timipanda ta miyala kapena ta nsungwi todula mphamvu ya madzi: pamene msewu ukutsika masentimita 5 pa mita titalikirane mamita 20, pamene ukutsika masentimita 10 titalikirane mamita 5 okha. Kuseri kwa kampanda kalikonse muyalidwe miyala kuti madzi akagwa asakumbe dzenje, ndipo m'mphepete mubzalidwe vetiva.

Makhalavati ochepera masentimita 60 kukula kwa kamwa tiwasiye. Amatsekeka ndi mapesi ndi majumbo, ndipo kuwatapa n'kovuta. Pamene madzi amachuluka paikidwe a masentimita 90, otsetsereka pang'ono kuti mchenga usagonemo, ndipo pamwamba pakhale dothi losachepera theka la mita, apo ayi lole yoyamba ya mchenga iwaphwanya. Kotulukira madzi kuyalidwe miyala yomanga ndi simenti. Khalavati zambiri zimayamba kufa kumeneko: madzi amadya pansi, paipi yomaliza n'kugwa, msewu n'kumachepa chaka ndi chaka mpaka kutsala kanjira ka tayala limodzi.

Powolokera mitsinje pali zinthu ziwiri zimene woyenda pa galimoto sangazione. Choyamba ndi milatho ya matabwa ogonekedwa motsata msewu. Tayala la njinga yamasewera ndi lotambalala mamilimita 38 mpaka 45, la kabaza silisiyana kwenikweni, choncho mpata wa zala ziwiri pakati pa matabwa ndi msampha: tayala limalowa, njinga n'kuima pomwepo, wokwera n'kupitirira yekha. Matabwa apamwamba azigona mopingasa, kapena mpata usapose sentimita imodzi, ndipo misomali yotuluka izikhomedwa. Chachiwiri ndi madooko a konkire amene madzi amayenda pamwamba. Pamamera ndere zoterera ngati therere, zofunika kukwecha, ndipo m'mbali zonse mufunika mizati yopakidwa penti yosonyeza pothera konkire ndi kuya kwa madzi. Madzi othamanga ofika m'mawondo amakwanira kugwetsa munthu wokankha njinga ya katundu.

Tinenepo za mitengo, poti popanda iyo zonse tanenazi n'kutunga madzi ndi dengu. Tonse tikukumbuka zomwe namondwe wa Freddy anachita mu March 2023, matope ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Phiri lopanda mitengo limatumiza madzi onse nthawi imodzi, ndipo palibe khalavati ingawalandire. Ku Michiru nako nkhwangwa zalowa kwambiri, zomwe zimatiwawa mtima. Sitikuloza chala bambo wokankha matumba a makala usiku wonse, iyeyo akufuna ufa wa ana. Pempho lathu n'lakuti m'mphepete mwa mitsinje ya Likhubula, Lunzu ndi Lirangwe musiyidwe mamita 15 mbali iliyonse osalimamo, mubzalidwe mbawa, katope, mikuyu ndi nsungwi mu December ndi January nthaka itanyowa bwino, ndipo okumba mchenga asamayandikire mizati ya milatho. Dzinja likatha kuzilambulidwa njira zotchinga moto, chifukwa mbande zimene zapulumuka chilimwe choyamba nthawi zambiri zimathera kumoto wosakira mbewa.

Njira zikakhala bwino zifunika zizindikiro. Zachitsulo zimazulidwa n'kukagulitsidwa, zamatabwa chiswe chimadya, ndiye zikhale timizati ta konkire totalika masentimita 60 pamphambano iliyonse. Palembedwe dzina la mudzi wotsatira, makilomita otsala, ndi mtunda wokafika pa mjigo wapafupi. Mu October munthu wopalasa kutsikira ku Shire amafuna pafupifupi lita imodzi ya madzi pa ola, ndipo mlendo sadziwa pamene angawapeze. Mamita 100 usanayambe mtsetse woopsa pakhale chenjezo, poti mabuleki a labala akatentha kapena kunyowa sagwira, makamaka njinga ikanyamula thumba la makilogalamu 50. M'tinjira ta m'nkhalango tchire lizidulidwa mita imodzi mbali zonse May asanathe, chitedze chisanakhwime. Mlendo amene wakhula chitedze kamodzi sabweranso, ndipo amayi ogulitsa nthochi, mandasi ndi thobwa m'njiramo ndiwo amaluza.

Pali nkhani ya damu la magetsi lomwe boma likufuna kumanga pa Mpatamanga. Ntchito ikayamba, malole olemera adzachuluka mumsewu wochokera ku Chileka. Chonde mukakhala pansi ndi akuluakulu a bungwe loona za misewu la Roads Authority, mukapemphe kuti m'mbali musiyidwe mpata wa mita imodzi ndi theka wa njinga ndi oyenda pansi, komanso kuti podutsa m'midzi ndi pasukulu pazithiridwa madzi oletsa fumbi.

Zambiri mwa ntchitozi ndi za khasu, piki, fosholo ndi wilibala. Munthu mmodzi wokhala m'mbali mwa msewu angathe kusamalira kilomita imodzi kapena ziwiri chaka chonse, kutapa ngalande ndi kukwirira maenje akadali aang'ono, bola malipiro azifika pa nthawi yake. Tikupempha kuti khonsolo iike zimenezi m'dongosolo la ntchito zachitukuko za m'midzi ndi ndalama za thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF).

Ife tili okonzeka kulemba malo onse oonongeka m'njira zitatu tatchulazi, chithunzi ndi malo ake enieni pa foni, n'kupereka kwa injiniya wa khonsolo. Tikupempha kuti mutiitane limodzi ndi mafumu a madera a Kuntaja, Kunthembwe ndi Kapeni, alangizi a zankhalango ndi atsogoleri a akabaza, mwezi wa September usanafike, kuti ngalande zidzakhale zitatapidwa mvula yoyamba isanagwe.

Ndife anu,
Opalasa njinga ndi amakanika a njinga a m'boma la Blantyre