Zikomo amene munatipepesa, koma pali bambo mmodzi tikumusaka

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndithokoze anthu amene anatipepesa bambo athu atatisiya mwezi wa Novembala. Komanso pali munthu mmodzi amene banja lathu likumusaka, mwina amawerenga tsamba lino.

Bambo anali telala, zaka zoposa 30 ali pakhonde la sitolo ina ku Limbe ndi mashini awo a Singer opalasa ndi phazi aja. Holide yawo inali imodzi basi pa chaka, Khrisimasi. Disembala yense amakhalira kusokera anthu ena, zathu amasoka usiku wa pa 23 ndi koloboyi, nsalu yake imodzi yomweyo, nde ana anayi tonse timanyamuka titavala zofanana mpaka kumudzi amati yafika kwaya ya ku tauni. Ine zimandichititsa manyazi koopsa koma ukanawauza ndani.

Pa 24 tambala asanalire tili kale pa Wenela, m'ma 1990 mmenemo, nthawi ya mabasi a Stagecoach. Katundu wake shuga, mpunga, buledi, sopo, parafini wa agogo ndi botolo la Sobo lomwe amanyamula okha osalola mwana kulikhudza. Tikafika pa Zalewa amatidzutsa kuti tione Shire, chaka chilichonse, ngati kuti mtsinjewo wasintha, kenako nkumatiuza monyadira kuti madzi amenewa ndi omwe amapanga magetsi ku Nkula, chonsecho ife kunyumba kwathu magetsiwo kunalibe.

Timatsikira pa Lizulu ku Ntcheu. Amene mumadutsa pamenepo mukudziwa kuti mseu womwewo ndiwo malire, mbali iyi Malawi mbali inayo Mozambique. Nde bambo amatiwolotsa dala kukagula mbatatesi ndi kabichi tsidya linalo, ati tikatsegulira sukulu tizikanena kuti holide tinali kunja. Ine ndinakanenadi ndili Sitandade 4, aphunzitsi anaseka mpaka kugwira tebulo.

Pa 25 tikaweruka ku tchalitchi kumakhala mpunga wa nkhuku, ndipo mwana aliyense amalandira botolo lakelake la Fanta, osagawana ndi munthu. Timamwa pang'onopang'ono mpaka dzuwa kupendeka kuti anzathu aone. Koma chaka china Fantayo sanagule. Anangoti ndalama yagwa pa depoti. Mayi anawakalipira kuti munthu wamkulu mungagwetse bwanji ndalama ya Khrisimasi, iwo duu, ife kulira, ndipo nkhani imeneyi takhala tikuwanena nayo mpaka takula, iwo amangomwetulira osayankha.

Tsono za maliro. Choyamba ndidandaule. Bambo atangotsikira kuli chete kuchipatala, pasanathe ndi ola lomwe, munthu wina anali ataika kale chithunzi chawo pa Facebook ndi RIP pamwamba, ife tisanawaimbire achemwali athu aakulu omwe ali ku Johannesburg. Anaona pa foni ali mu minibasi akupita ku ntchito. Abale inu, kale uthenga wachisoni amatuma munthu, amafika nkukhala kaye pansi, kulonjerana, kenako nkunena mwaulemu. Mukuthamangira chani kodi, pali mphoto kwa woyamba kulengeza?

Koma zabwino nde zinachuluka. Anzathu a m'magulupu a WhatsApp munasonkha kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, ndalama imeneyo ndi yomwe inagula bokosi ndi kulipira galimoto mpaka ku Ntcheu, ndipo mmene zinthu zakwerera chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 patokha sitikanakwanitsa ayi. Amayi a Mvano munaimba usiku wonse mvula ikuwaza, adzukulu munakumba dothi lonyowa osadandaula, matelala anzawo a ku Limbe munatseka mashini tsiku lonse nkubwera. Mulungu akubwezereni. Mauthenga a pa foni nawo anali mbwee, ambiri tizithunzi ta kandulo basi, sindikunyoza koma kunena zoona sindikukumbukapo ndi umodzi omwe.

Chipepeso chomwe chakhala mumtima ndi ichi. Usiku wa pa siwa tikuwotha moto panja panafika bambo wina wa imvi pang'ono, palibe amene amamudziwa. Anakhala kaye chete nthawi ndithu, kenako anafunsa ngati ine ndili mmodzi mwa ana anayi aja ovala zofanana. Ndinadzidzimuka. Anafotokoza kuti ali mnyamata wa ku sekondale anamupisa m'thumba pa Wenela tsiku la pa 24 Disembala, ndalama yonse ya transipoti kupita, anangokhala pa chikwama chake nkumalira, anthu akungodutsa. Bambo athu anamufunsa kwawo, anamugulira tikiti mpaka ku Dedza nkumupatsanso theka la buledi, dzina sanauzane. Nkhope yokha ndi yomwe anasunga, ndipo anaizindikira pa chithunzi chija cha pa Facebook. Apa nde ndinasowa chonena, chifukwa chithunzi chomwe chinawaliza achemwali mu minibasi ndi chomwechonso chinamubweretsa iyeyu. Dandaulo langa lija sindikulibweza, komabe.

Ndinalowa m'nyumba kukawanong'oneza mayi. Anakhala kaye phee, kenako anaseka, kuseka kwenikweni pakati pa siwa mpaka amayi ena kudabwa, nkunena kuti kani ndalama ya Fanta ija inagwera kumeneko. Atatero analira kuposa mmene analirira tsiku loyamba.

Mawa lake titachoka ku manda tinamufunafuna koma anali atapita, sanadye ndi nsima yomwe, nambala sanasiye, ndipo m'buku la chipepeso sitikudziwa kuti dzina lake ndi liti.

Nde inu bambo, ngati mukuwerenga, mayi akufuna akuoneni ndi maso awo masana, paja usiku uja sanatuluke. Pa 24 tikunyamuka ndi zidzukulu zonse, tikawadzutsa pa Zalewa aone Shire, ndipo tikhala kumudzi mpaka Nyuwere. Njira mukuidziwa kale. Fanta wanu tikusungirani.

Mwana wachitatu wa malemu,
Ndirande, Blantyre