Kalata kwa mwana wanga pa za zidzolo za mdzukulu wanga

Mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse kumeneko, kupatula kanthu kangako kamene sikakugona. Kuno tilipo, bambo ako akuti moni.

Mng'ono wako wandionetsa zithunzi zija pa foni. Ndaona masaya, ndaona pamphumi, ndaonanso timikono. Zimenezo sizinandiopse. Chimene chandisowetsa tulo ndi chimene chinamupulumuka pakamwa, chakuti mnzako woyandikana naye uja wakupatsa kachubu kogula pamsika, ndipo utapaka masiku awiri okha khungu linasalala. Iwe wakondwa, ine ndiye ndagwidwa nthumanzi. Foni uli nayo, za mtengo wa tomato umandiimbira, nanga za khungu la mwana unalephereranji kundifunsa?

Tenga kachubuko uwerenge tizilembo ta m'mbali. Ukapezapo mawu akuti clobetasol kapena betamethasone, dziwa kuti ndi mankhwala a steroid amphamvu kwambiri, amene ngakhale munthu wamkulu adokotala amam'patsa mowerengera masiku. Ndi omwewa amene azimayi ena amadzola pofuna kuyera. Khungu la khanda ndi lopyapyala, chimene wapaka pamwamba chimalowa mpaka m'magazi. Ukapitiriza, khungu limaonda n'kuyamba kuonetsa timitsempha, nkhope imafufuma anthu n'kumati mwana wanenepa bwino, thupi limachita ulesi kupanga mahomoni ake, kukula nakonso kumachedwa. Tsiku limene udzasiye, zidzolo zidzabwerera ndi ukali woposa poyamba, iwe udzathamangira kachubu kena, basi wakodwa. Ngati wapaka masiku ochepa okha, siya lero. Ngati padutsa masabata angapo ukupaka malo aakulu, usandibisire, ndipo usasiye mwadzidzidzi pawekha. Nyamula mwana ndi kachubu komweko upite nazo kuchipatala, akuuze mochepetsera.

Mmene ndaonera pazithunzi, zikufanana ndi chikanga, chimene achipatala amati eczema. Ndati zikufanana, chifukwa foni siyeza mwana. Chimakonda kuyamba mwana asanakwane miyezi 6. Chimagwira masaya, pamphumi, m'mutu ndi kunja kwa mikono ndi miyendo, koma kawirikawiri malo ovala thewera chimawasiya. Mwana akamakula chimasamukira mopindika chigongono ndi kuseri kwa mawondo. M'mabuku amalemba kuti khungu limafiira, koma pakhungu lathu lakudali kufiirako sikuoneka bwino. Umangoona pambuu, pokhakhala, pena pakuda kuposa pena, pena titotupa ting'onoting'ono ngati khungu la nkhuku yosola. Khanda silidziwa kukanda bwino, ndiye limadzikhula nkhope pachifuwa pako kapena pabedi, ndi kulira usiku. Khungu lotere silisunga chinyontho, limauma, likauma limayabwa, likakandidwa limang'ambika, n'kuyabwanso. Sichipatsirana, ndiye asamusale mdzukulu wanga. Chimayenda m'magazi a pabanja limodzi ndi mphumu ndi chimfine chosatherapo. Mphumu ya bambo ako ukuidziwa, ndipo iwe wemwe masaya ako ankachita mbuu Juni aliyense. Usadabwe.

Koma usanagamule kuti ndi chikanga, dzifunse: m'nyumbamo alipo wina amene akukanda? Iwe, bambo ake, mtsikana wantchito? Yang'ana pakati pa zala zanu ndi m'chiuno. Kwa mwanayo yang'ana m'manja ndi kuphazi, chifukwa mphere pa khanda zimakonda kumeneko, ndipo zimayabwa koposa usiku. Ngati ndi mphere, mafuta okha sangathandize, pafunika mankhwala opha tizilomboto, nyumba yonse kupaka tsiku limodzi, zovala ndi zofunda kuzichapa m'madzi otentha n'kuzisita. Mankhwala a mphere a khanda ndi osiyana mphamvu ndi a akulu, choncho usagawireko mwana a munthu wina. Apa ndi pomwe kachubu kako kamaipira kawiri. Kamaziziritsa kuyabwa koma tizilombo tikuswana pansi, ndipo pofika kuchipatala zidzolo zasintha maonekedwe, wokuona n'kusokonezeka. Chipere nachonso ukachipaka steroid chimafalikira.

Zina ndi zazing'ono. Titotupa ta thukuta ta m'khosi ndi kumsana timatha ukamuchepetsera zovala. Nkhanambo zachikasu zamafutamafuta za m'mutu siziyabwa, uzifewetsa ndi Vaseline n'kutsuka mawa lake, osazisenda ndi chikhadabo. Zakuthewera ndi nkhani ya kusintha msanga ndi kumusiya apitidwe mphepo.

Tsopano tamvera za kasambitsidwe, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalakwitsa chifukwa cha ukhondo womwewo. Kamodzi patsiku n'kokwanira. Madzi akhale ofunda pang'ono chabe, uyese ndi chigongono, osati ndi dzanja lako lozolowera mphika. Madzi otentha amasukuluza mafuta a pakhungu. Asakhalitse m'beseni kupitirira mphindi 5 mpaka 10. Sopo wonunkhira ayi, sopo wochapira ayi, sopo amene amati ndi wopha majeremusi ayi, ndipo mankhwala aja amayeretsa madzi ngati mkaka usadonthezemo ngakhale dontho. Chinkhupule chisamuyandikire. Ngati ungapeze emulsifying ointment ku famase, sungunula pang'ono m'manja mwako ndi madzi ofunda, umusambitse nayo m'malo mwa sopo, koma umugwire zolimba chifukwa amaterera. Aqueous cream ndi yosambira n'kutsuka, si yodzola n'kusiya, ana ena imawawotcha. Potuluka m'madzi usamupukute mokhula, ingomugundagunda ndi thaulo lofewa, ndipo khungu lisanaumiretu, mkati mwa mphindi zitatu, mafuta akhale atalowa.

Mafuta ake ndi Vaseline woyera uja wopanda fungo, osati wothira perefyumu kapena mtundu. Anthu amamupeputsa chifukwa ndi wotchipa, koma ndiye mankhwala enieni a tsiku ndi tsiku. Dzoza thupi lonse, osati pazidzolo pokha, katatu kapena kanayi patsiku, ndipo njira yosavuta kukumbukira ndi kudzoza ukamasintha thewera. Usaumire. Mwana wa chikanga thupi lonse amatha magalamu 250 pasabata, ndiye ukaona botolo likukhalitsa mwezi wathunthu, dziwa kuti ukumumana. Tapa ndi supuni yoyera, usapise chala m'botolo, chifukwa umasiyamo majeremusi n'kuwabwezera pakhungu long'ambika. Sisita motsetsereka, kutsata kumene ubweya wagonera, osatikita uku ndi uku. Asanayamwe, paka pang'ono m'masaya ndi pachibwano kuti dovu ndi mkaka zisamudye. Khungu likasalala usasiye, pamenepo ndi pamene ambiri amagwera. Miyezi ya Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba, wonjezera. Mu Okutobala paka mopyapyala ndipo umusunge pamthunzi, chifukwa thukuta nalo limautsa kuyabwa.

Chenjezo limodzi pa mafutawa: nsalu imene yamwa Vaseline imagwira moto msanga. Chitenje choberekera, mabulangete ndi tizovala take zisayandikire mbaula kapena kandulo, ndipo usamawothe moto uli naye kumsana. Mafuta ophikira, makamaka a mtedza, usamudzoze. Paudala umaumitsa khungu ndipo amaupuma, musiye kaye.

Vaseline akalephera, mankhwala oyenera alipo, ndipo nawonso ndi steroid, koma wofatsa. Dzina lake hydrocortisone 1%, ndipo akulembere ndi achipatala atamuona mwana. Usaope dzinalo chifukwa cha zimene ndanena pamwambapa. Kusiyana kwa hydrocortisone ndi clobetasol kuli ngati kwa thobwa ndi kachasu. Muyezo wake uli pachala chako: finya kuchokera kunsonga ya chala cholozera mpaka pamzere woyamba. Kameneko ndi pafupifupi theka la galamu, ndipo kamakwanira malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu. Kwa mwana wa miyezi 3 mpaka 6, muyezo umodzi umakwana nkhope ndi khosi, umodzi mkono wonse, umodzi ndi theka mwendo wonse. Koma iwe uzipaka podwala pokha, kamodzi kapena kawiri patsiku monga akuuzire, kumaso masiku 5 mpaka 7 basi, kutali ndi maso. Pakati pa mankhwalawa ndi Vaseline pazidutsa mphindi ngati 30, kuti chimodzi chisasungunule chinzake. Sabata ikatha osasintha, bwerera komwe anakupatsa. Usapite kwa mnzako uja. Ndikubwereza dala, chifukwa ndikukudziwa, sufuna kukhumudwitsa anthu. Kuyambira uli wamng'ono unkalandira chilichonse chimene wapatsidwa. Iyeyo sanachite mwa nkhanza, ankafuna kuthandiza, koma umuthokoze ndi pakamwa, kachubuko ayi.

Pochira padzatsala mawanga, pena poyererako, pena pakuda. Amatha okha pakapita miyezi. Pamenepo mpamene wina adzabwerenso ndi mafuta akuti osalalitsa. Ukane.

Zovala zikhale za thonje, zofewa, zotakasuka. Majuzi a ulusi ndi zanayiloni zisakhudze khungu, ukafuna kumufunditsa yamba ndi kamalaya ka thonje mkati. Inu a masiku ano mumakulunga mwana ngati chimanga cha m'nkhokwe, chipewa, juzi, bulangete, dzuwa lili pamutu. Akatentha amayabwa. Za pakaunjika ndi chitenje chatsopano uzichapa kaye, ndipo zonse uzitsukuluza kawiri kuti sopo atuluke. Zonunkhiritsa zovala zisiye. Zikhadabo uziwenga kawiri pasabata akagona, ndipo usiku ukhoza kumuveka timasokosi ta thonje m'manja. Utsi wa nkhuni, wa fodya ndi fumbi losesa, mwana azikhala kutali.

Bere usamuchotse. Alipo amene adzanene kuti mkaka wako ndi woipa, kapena kuti usiye mazira, nsomba ndi mtedza. Usadzimane chakudya popanda achipatala kunena, ungafooke pachabe mwana osachira. Ayamwe bere lokha mpaka miyezi 6. Ikadzakwana nthawi ya phala, zakudya zatsopano uzimuyambitsa chimodzichimodzi, pang'ono, m'mawa, kuti uone mmene thupi likulandirira. Ngati chikanga chidzakhale chikadali chachikulu, funsa kaye kusikelo usanathire nsinjiro kapena dzira. Akadya chinthu milomo kapena zikope n'kutupa, kusanza, kapena kupuma mobanika, imeneyo si ya mawa, thamanga.

Zina zothamangira ndi izi, ndipo uwawerengere bambo ake amve. Zidzolo zikayamba kuchucha madzi, kutuluka mafinya kapena kuchita nkhanambo zachikasu ngati uchi wouma, ndiye kuti majeremusi alowa, pafunika mankhwala ena, apite tsiku lomwelo. Ukaona timatuza tambiri tofanana totuluka mwadzidzidzi, tikaphulika n'kusiya timaenje tozungulira, mwana akutentha thupi ndi kufooka, makamaka tikayandikira maso, usadikire kuti kuche. Kameneko ndi kachilombo ka zilonda za pamilomo kamene kalowa pakhungu long'ambika, ndipo kamafalikira mofulumira. N'chifukwa chake aliyense amene ali ndi chilonda pamlomo asamupsompsone, kaya ndi azakhali ake, kaya ndine. Kutentha thupi kofika 38, kukana bere, kugona mosadzutsika, zonsezo n'zakuchipatala, osati za Panado wa m'nyumba. Piriton usam'patse kuti agone, si wa mwana wosakwana chaka.

Katemera asadumphe chifukwa cha zidzolo. Uwaonetse alangizi a zaumoyo khungulo, alembe m'buku lake, ndipo wa chikuku wa pa miyezi 9 usadzaiwale. Ngati kuchipatala chaching'ono zikukanika, pempha kalata yopita ku Kamuzu Central, kuli oona za khungu.

Apongozi ako ndimawalemekeza, ndipo iwenso uziwalemekeza. Koma akanena za mauka kapena tsempho, akafuna zotema mphini kapena kusambitsa mwana m'madzi a mizu, uwayankhe mwaulemu kuti achipatala aletsa kuika chilichonse pakhungupo. Lezala pakhungu long'ambika kale ndi khomo la matenda. Bambo ake a mwana ndi amene ayankhule ndi mayi awo, isakhale nkhondo yako wekha.

Ndikudziwa kuti watopa. Mwana wosagona amatopetsa kuposa munda, ndipo munthu wotopa amagwira chilichonse chimene chamulonjeza tulo. Sindikukunena kuti ndiwe mayi wosasamala, ndaona mmene wamunenepetsera. Chikanga chimapita n'kubwera, sabata ino kusalala, sabata yamawa kuyambanso, ndipo kubwerako sikutanthauza kuti walakwitsa. Ana ambiri chimawachepera akamakula. Muzisinthana ndi bambo ake usiku, nawonso manja ali nawo, Vaseline angathe kudzoza.

Usanataye kachubuko, kajambule mbali zonse ziwiri unditumizire, ndione chimene chalembedwapo, ndipo undiuze zoona kuti wapaka masiku angati komanso malo ati. Ndapatsira mng'ono wako mabotolo awiri a Vaseline ndi timalaya tinayi ta thonje, afika nazo Loweruka. Timalayato uchape kaye.

Ndine mayi ako.