Bwana mwini garaja, lekani kutaya thermostat za makasitomala

Tikulemba poyera chifukwa amakaniko anu ku Limbe azolowera chinthu cholakwika. Galimoto ikangobwera yotentha injini, akumachotsa thermostat n'kuitaya, mwiniwake n'kulipira, n'kuuzidwa kuti ku Malawi kuno n'kotentha kale, kachipangizoko n'ka kumayiko ozizira. Si zoona, ndipo zikupha injini za anthu.

Thermostat ndi kavalavu kokhala ndi phula mkati. Injini ikakhala yozizira, kamatseka njira ya ku redieta kuti madzi azizungulira mu injini mokha, ifunde msanga. Phulalo likatentha limafufuma n'kutsegula njira. Pa injini ya 1NZ-FE, imene ili mu Probox, Sienta ndi Fielder zambiri mumzinda muno, kamayamba kutseguka pa madigiri 82, ndipo nambalayo imalembedwa pa chitsulo pomwepo. Kukapeza n'kosavuta: tsatirani paipi yapansi ya redieta mpaka pamene yalowera mu injini, mupeza chivundikiro cha manati awiri. Pa injini zina kamakhala pa paipi yapamwamba.

Mukakachotsa, injini imachedwa kufunda. Kompyuta imawonjezera petulo poona kuti ikadali yozizira, chinyezi chimatsalira mu oyilo, maring'i n'kumadyeka. M'mawa wa chiperoni munthu amachoka ku Chilomoni mpaka pa Ginnery Corner geji ikadali pansi, galasi lili nkhungu chifukwa heater siikufunda. Choopsa koposa n'chakuti thermostat zambiri zili ndi kambale kumunsi kamene kamatseka njira ya bypass valavu ikatseguka. Popanda kambaleko madzi ena amabwerera mu injini osadutsa mu redieta, ndiye galimoto yomwe mwati mwaikonza ija imakawirabe pokwera mapiri a Thabwa kuchokera ku Chikwawa, gasiketi n'kupsa.

Kuyeza sikutenga ndi mphindi 15 zomwe. Imangirireni ndi waya mumphika wa madzi, isakhudze pansi, muikemo thermometer n'kuyatsa moto. Iyambe kutseguka pakati pa madigiri 80 ndi 84, ndipo pofika 95 ikhale itatseguka mamilimita 8.5 kapena kuposerapo. Yafera chotseka imadziwika ikadali pagalimoto: geji kumwamba, paipi yapansi ili zii. Imeneyo ndi yosintha ndi yatsopano, osati kusiya bowo.

Ikatseguka bwinobwino, vuto lili kwina, ndipo apa m'pamene anyamata anu akuthawa ntchito. Fani mwina siikuyaka chifukwa cha relay kapena fyuzi. Chotsekera cha redieta chikatha mphamvu madzi amawira msanga. Redieta zambiri zatsekeka ndi dzimbiri chifukwa chothiramo madzi apampopi okhaokha, ndipo water pump nayo imatha.

Tikupempha kuti muziika thermostat ya madigiri oyenera injiniyo, ndi labala yatsopano, kabowo kotulutsira mpweya kataloza kumwamba. Thirani coolant, ngati ndi yosasungunula musakanize theka ndi theka ndi madzi a distilled, kenako mutulutse mpweya heater ili yoyatsa mpaka fani itayaka. Chipangizo chakale muzimuonetsa kasitomala. Onse amene munawachotsera muwaimbire foni abwere nazo galimotozo, muwaikire zina popanda kuwalipiritsanso ndalama ya ntchito. Yankho lanu mulembe poyera kuti nawonso aliwerenge.